Thumba la misewu silikwanira madzi akasefukira

Galimoto zodutsa pazipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke pamsewu wa M1 zimasiya ndalama m'thumba la bungwe la Roads Fund Administration, lomwe limasunganso msonkho wokonzera misewu umene umaphatikizidwa pamtengo wa mafuta. Komatu namondwe wa Freddy atakokolola milatho m'maboma a Mulanje ndi Phalombe m'chaka cha 2023, zinaonekeratu kuti ndalama zomwe ntchito yake yaikulu ndi kusamalira misewu, monga kukwirira maenje, sizingamangenso milatho yambiri nthawi imodzi. Boma liyenera kupatuliratu ndalama zapadera dzinja lisanafike, ndipo pokonzapo liyambire misewu yafumbi yopita kuzipatala ndi kumisika, chifukwa mayi woyembekezera wakumudzi sangadikire miyezi kuti thandizo la mayiko akunja lifike.