Eni nyumba akutigulitsa bata lomwe alibe

Akonzi,

Ndipatseniko malo patsamba lanu la makalata kuti nditulutse zomwe zakhala zikundidya mumtima. Ndine mmodzi mwa anthu ochita lendi ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Sindinena ngati ndi ku Gulliver, ku Shire kapena ku Dubai, chifukwa alandilodi anga amawerenga nyuzipepala yanuyi, ndipo masiku ochepa omwe anditsalira m'nyumbamu ndikufuna ndiwamalize katundu ali m'kati mwa geti.

Ndinabwera kuno mu 2021 kuchokera ku Mchesi. Amene anagonako ku Mchesi akudziwa kuti tsiku limayamba ndi macheka ndi nyundo za akalipentala, limatha ndi masipika a m'mabala. Mwana wathu wachisamba anali atalowa Sitandade 8, ndipo mayi ake ankati mwanayu sangakhoze mayeso akuwerengera pakati pa chisokonezo chotere. Ndiye tinayamba kusaka nyumba. Ku Lilongwe kuno nyumba susaka wekha, pamafunika dobadoba. Amene ndinapeza ananditengera ku nyumba zitatu, iliyonse ndikulipira ndalama yongoonera. Ziwiri mwa nyumbazo tinapeza muli anthu kale, makatani ali pa mawindo, matewera ali pa chingwe. Mnyamatayo sanachite manyazi olo pang'ono. Anangoti, "Bwana, ndiye kuti mnzanga wandipitirira dzulo, tiyeni kwina." Ndalama yoonera sibwezedwa, ndipo palibe risiti.

Nyumba yachitatu ndi ino. Ya zipinda zitatu, mpanda wa njerwa, kuseri kuli mtengo wa mango ndi kamunda ka masamba. Dobadobayo anaima pakati pa bwalo, natambasula manja nati, "Tamvani bwana, kuli zii. Kuno mumadzutsidwa ndi mbalame basi." Zinalidi choncho, ndisaname. Lendi inali K200,000 pamwezi, kuposa kwambiri yomwe ndinkalipira ku Mchesi, ndipo eni nyumba atandiona ndikukanda m'mutu anandiuza kuti ndalama yapamwambayo ndi ya bata. Anafuna miyezi itatu pakamodzi. Dobadoba naye anafuna theka la lendi ya mwezi kuchokera kwa ine, ngakhale kuti amene ankamugwirira ntchito yopeza munthu anali eni nyumba. Ndinakatenga ngongole kubanki mkhonde ya mayi a kunyumba. Nditapempha kuti tilemberane kalata ya mgwirizano, bambowo anaseka nati, "Aphwanga, ife ndi anthu opemphera, zamapepala ndi za anthu osakhulupirirana." Ndinavomera, ndipo uku ndiko kupusa kwanga komwe sindingakankhire munthu wina.

Tiyambe ndi lendi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Sabata isanathe ndinalandira uthenga pa WhatsApp woti kuyambira mwezi wotsatira ndizilipira K250,000. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, uthenga unabwera woti lendi ndi K360,000. Tengani cholembera, Akonzi, muwerengere nokha: masamu ake ndi olondola mpaka pa tambala, ngati kuti alandilodi anga amakhala nawo pa misonkhano ya banki yaikulu. Koma nyumbayi inamangidwa kalekale ndi njerwa zowotcha, ndipo mulibe dola ngakhale imodzi m'makoma ake. Malipiro anga sanakwere ndi 44 peresenti. Sindikudziwa wogwira ntchito aliyense pa mzere wathu amene anakwezeredwa choncho.

Sindikufuna kunamizira eni nyumba onse. Ndikudziwa kuti simenti, malata ndi penti zinakwera mtengo, ndiponso kuti alipo amayi amasiye ndi madala opuma pantchito omwe lendi ndiyo chakudya chawo, mankhwala awo ndi fizi ya zidzukulu. Munthu wotere akakweza lendi n'kubwera ndi mmisiri kudzakonza denga, ine ndingalipire mosanyinyirika. Koma m'nyumba muno madzi a mvula amalowa pabalaza dzinja lililonse, siling'i inatupa n'kusanduka yakuda, chitseko cha kubafa chinadyedwa ndi chiswe. Ndikawauza amati, "Konzani, tidzachotsera pa lendi." Ndinakonza kawiri. Tsiku lochotsera silinafike. Ndikakumbutsa amandifunsa kuti tinalemberana pati.

Simenti anaigula ndithu, koma sinali ya nyumba yanga. M'mawa wina ndinamva nkhwangwa kuseri, potuluka ndinapeza mtengo wa mango uli pansi, anyamata akukumba maziko pomwe panali mpiru ndi tomato wa mayi a kunyumba. Palibe amene anatiuza. Miyezi isanu tinakhala m'fumbi, amisiri akutunga madzi pampopi wathu, ndipo bilu ya madzi ya miyezi imeneyo inagwera ine. Lero pa poloti yomwe inadulidwira banja limodzi pali mabanja atatu. Mita ya madzi ndi imodzi, ndiye kumapeto kwa mwezi timakhala pansi kuwerengana mitu ngati pa kalembera: wakuti ali ndi ana angati, mlamu wake amene anabwera kudzadikira ntchito awerengedwe kapena ayi, amene amachapa mabulangete Loweruka lililonse ndani. Anzanga a kuseriwo ndi anthu abwino, koma bilu yatidanitsa. Sepitiki thanki yomwe inakumbiridwa nyumba imodzi tsopano imasefukira, ndipo ndalama yoitanira galimoto yopopa timasonkha ife. Lendi yanga sinatsike ngakhale ndi kwacha imodzi pamene bwalo lomwe ndinkalipira linatengedwa. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna, koma iwo ankanena za mlendo wodya zaulere. Ine dzungulo ndinalipira miyezi itatu pakamodzi.

Bata lija nalo linapita pang'onopang'ono. Nyumba ya kumanzere kwathu inasanduka tchalitchi. Sinditsutsana ndi kupemphera, inenso Lamulungu ndimavala jekete, koma mapemphero a usiku wonse Lachisanu lililonse, masipika atalozetsa kuchipinda kwa ana, ndi chinthu china. Kuseri kwa mpanda wina anadzala kapinga, namanga timisasa, napachika chikwangwani choti ndi malo ochitira maukwati ndi mabraido shawa. Loweruka kuyambira masana timamva mayina a onse oitanidwa ku perekaniperekani, akuchikazi, akuchimuna, anzake a kuntchito, mpaka ana anga amawatchula pamtima. Phokoso la pa Bingu National Stadium pakakhala mpira waukulu sindiliwerengera, chifukwa bwaloli linatsegulidwa mu 2017 ndipo ine ndinalipeza, komanso mpira umatha dzuwa likamalowa. Bata lenileni ndinalilawanso mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, pamene magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Masiku amenewo usiku tinkamva achule. Kenako atchalitchi anagula jenereta.

Ndikafunsa ngati m'dera lokhalamo anthu munthu angangotsegula malo a zisangalalo kapena kuunjika nyumba papoloti mmene wafunira, aliyense amandilozera kwina. Amfumu a m'dera amati nkhani zotere zimafunika eni poloti, osati alendi. Mawu akuti "alendi" amenewa, Akonzi, amanenedwa ngati dzina la matenda. Pa chopereka cha alonda a usiku timawerengedwa. Pa chipepeso cha maliro timawerengedwa. Pokonza msewu wokumbika mvula ikatha, kope limafika pakhomo pathu poyamba. Koma pa msonkhano wokambirana za dera amati mlendi ndi wodutsa, alankhule eni malo, amene ambiri a iwo sagona kuno n'komwe.

Kenako pali ulendo. Munthu wokhala kutali ndi tauni amalipira lendi yachiwiri pamsewu, ndipo imeneyi dobadoba saitchula. Ndimadzuka kusanache kuti ndikafike kuntchito nthawi yabwino, chifukwa ukachedwa pang'ono, mzere wa magalimoto pamsewu wa Kaunda umakupeza. Mu Novembala 2023 womwe uja petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo makondakitala anakweza mtengo tsiku lomwelo. Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, mtengo umakhala wa pakamwa pa kondakitala. Mvula ikangoyamba kuwaza umakweranso, ndipo madzulo mukachuluka pa siteji amakuuzani kuti wosafuna atsale. Mumakhala anayi pa mpando wa anthu atatu, thumba la ufa la mnzanu lili pa maondo anu. Ukatsika, kuchokera pa siteji kukafika kunyumba ndi mtunda wina wa msewu wafumbi, ndiye umakwera kabaza wa njinga yamoto wopanda chipewa choteteza mutu, ukupemphera m'njira monse. Nditaphatikiza zonsezi mwezi wina, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri a sukulu, ndinapeza kuti msewu ukudya ndalama yomwe ku Mchesi inkandikwanira lendi yonse, pomwe kumeneko ndinkayenda wapansi kupita ku Old Town.

Ndipo bata la m'mipanda lili ndi mbali ina yomwe ndinaiphunzira mochedwa. Usiku wina akuba analowa kwa mnzathu wa patsidya pa msewu. Mayiyo anakuwa mpaka mawu kutha. Tonse tinamva, aliyense ali kuseri kwa geti lake, palibe anatuluka, ineyo ndili m'gulu lomwelo. Ku Mchesi munthu akangokuwa kuti "wakuba!" mzere wonse umatuluka ndi mipini. Kuno tinakamupepesa m'mawa, ndipo ambiri tinadziwa dzina lake tsiku limenelo.

Vutoli silinayambe ndi alandilodi anga. Pokonzekera kusamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, zomwe zinachitika mu 1975, mzindawu unayalidwa motalikirana, ma Area atamwazikana, pakati pali nkhalango ndi madambo, ngati kuti aliyense wokhalamo adzakhala ndi galimoto. Pa kalembera wa 2018 anthu a mumzindawu anali atafika 989,318, ndipo chiyambire pamenepo akubwerabe tsiku ndi tsiku. Nyumba zabwino sizikwanira onsewa. Choncho mwini nyumba amadziwa kuti ukatuluka lero, mawa pageti pali anthu asanu atagwira ndalama ya miyezi itatu m'manja. Mlendi ndiye amaopa ngakhale kupempha risiti.

Zomwe ndikupempha si zachilendo. Aphungu athu ndi makhansala aganizire zoti aliyense wochititsa lendi azikakamizidwa kupereka kalata ya mgwirizano ndi risiti, ndipo pakhale malo apafupi, osafuna loya, komwe mlendi ndi mwini nyumba angakatulire madandaulo awo. Ngati ine ndimalipira miyezi itatu pakamodzi, nanenso ndiziuzidwa miyezi itatu lendi isanakwere, osati ndi uthenga wa pafoni pa 28. Madobadoba akhale ndi kaundula ndi chiphaso, kuti woonetsa nyumba yomwe muli kale anthu tizidziwa kokamunenera. Ndipo amene amavomereza mapulani a zomanga aziyendako m'madera muno kudzaona zomwe zikumera kuseri kwa mipanda, chifukwa madzi a m'sepitiki akasefukira safunsa kuti poloti ndi ya yani.

Chomwe chandigwiritsa cholembera lero ndi ichi. Sabata yatha alandilodi anabwera okha, chinthu chomwe sachita kawirikawiri, nakhala pa mpando wanga, namwa tiyi wanga, n'kundiuza mwachisoni kuti mwana wawo akubwera kuchokera ku Johannesburg ndipo akufuna nyumbayi. Andipatsa mwezi umodzi, pakati pa teremu ya ana. Za ndalama zomwe ndinakonzera denga anati tidzakambirana. Patapita masiku awiri mnzanga wa kuntchito, amene akusakanso nyumba, anandionetsa chithunzi pa Facebook. Geti langa, khonde langa, ngakhale ndowa yabuluu ya mayi a kunyumba ikuoneka pakona. Lendi K500,000, miyezi itatu pakamodzi, ndipo pansi pake palembedwa kuti malo ake ndi abata kwambiri. Ndinaimba nambala yomwe inali pamenepo, anayankha mnyamata yemwe uja wa mu 2021, koma mawu anga sanawazindikire. Anati nyumbayo ilipo, mlendi wake akutuluka kumapeto kwa mwezi, ndipo ngati ndikufuna kuiona ndiyambe ndatumiza K15,000 pafoni.

Ine wodandaula,
Mlendi wa ku Area 49,
Lilongwe