Msewu Uyambe, Nyumba Zitsate

Mnansi wanga wina kuno ku Sanjala, munthu waulemu wake amene sindingamtchule dzina pakuti timapalana moto ndi kupemphana mchere, wamanga mpanda wa njerwa zootcha kuzinga nyumba yake, ndipo pomanga mpandawo, kaya ndi mmisiri amene dzanja lidamtsetsereka, kaya ndi chingwe chimene chidakokedwa ndi mtima wofuna zambiri, waluma phazi limodzi la kanjira kamene ife tonse a mbali ino timadzera popita kumsika. Phazi limodzi si kanthu, ndipo sindikadataya inki chifukwa cha ilo chikhala kuti mnzake wa tsidya lina la kanjirako sadalumeko lake chaka chatha, ndiponso amene adakhala pamalopo iwo asanadze sadalumeko awo. Koma popeza yense waluma pang'ono, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene adziyesa mbala, kanjira kamene kale galimoto ya mchenga inkalowamo chafutambuyo lero kakukana ndi wilibala yomwe, kotero kuti tsiku lija tidanyamula maliro a mayi wina wachikulire, adzukulu adachita kupendeketsa bokosi kuti lipite pakati pa mipanda iwiriyo, chinthu chimene anthu a mtundu wathu sachiona mopepuka.

Nditapita kukadandaula, mwini mpanda adandipatsa mpando, nandimvera kufikira nditatha, ndipo pamenepo adati mofatsa: "Achimwene, mwanena zoona, koma tandisonyezani mwala wa malire, ndipo mawa lomwe ndigumula." Mwalawo palibe. Makolo ake adafika pamalopo nkhondo yapachiweniweni ili mkati, masiku amene munthu ankayamika Mulungu akapeza pogoneka ana, ndipo panalibe wokhala ndi mtima wokoka chingwe kapena kukhoma zikhomo. Chilamulo cha Mose chimaletsa kusuntha malire a mnansi, koma ngakhale Mose ankalankhula kwa anthu amene malire awo ankaoneka ndi maso. Athu ali m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo nkhalambazo tikuziika m'manda chaka ndi chaka.

Mudziwa inu nonse kuti mzinda wathu uno sudamere wokha ngati bowa. Boma la Apwitikizi, litatenga dera lino m'manja mwa Companhia do Niassa mu 1929, lidakhazikitsa pano pamtunda wozizira mudzi wa boma mu 1931, niliutcha Vila Cabral polemekeza bwanamkubwa José Cabral. Ndipo pa 23 Sepitembala 1962 mudziwo udakwezedwa kukhala mzinda, tsiku limene tikumbukirabe ndi magule chaka chilichonse. Amene adajambula misewu yotakata ya pakati pa mzinda, imene mpaka lero mlendo akaiona amagwedeza mutu ndi kuyamikira, adaijambulira anthu owerengeka, ndiwo akuluakulu a boma, asilikali ndi eni masitolo. Ife eni nthaka adatisiya kunja kwa pepala, kuti tidzipezere tokha pokhala kumene phula lathera. Ufulu udadza mu 1975, dzina lidasintha kukhala Lichinga, koma chizolowezi chomanga kunja kwa pepala chidatsala, ndipo nkhondo idachikulitsa, pakuti anthu a ku Muembe, ku Majune, ku Sanga ndi kunyanja adathawira muno, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri sadabwererenso kumabwinja kwawo, pomwe enanso ochokera m'misasa ya ku Malawi adadzaonjezera chiwerengero.

Kalembera wa 1997 adapeza anthu pafupifupi 86,000 mumzinda muno. Wa 2007 adapeza oposa 140,000. Wa 2017 adapeza opitirira 200,000. Munthu sasowa kukhala katswiri wa masamu kuti aone kumene manambalawa akuloza, ndiponso kuti mwana amene lero ali kumbuyo kwa amake adzafuna khomo lakelake zisanathe zaka makumi awiri ndi zisanu. Tidalira magetsi a ku Cahora Bassa, ndipo adafika. Tidalira njanji ya ku Cuamba, imene idafika kuno koyamba mu 1969 niifa ndi nkhondo ndi dzimbiri, ndipo mu 2016 sitima idaliranso pasiteshoni. Tidalira phula pamsewu wa ku Mandimba, umene nthawi ya dzinja unkagoneka anthu m'matope, ndipo phulalo lidathiridwa. Zonsezi nzabwino, ndipo ine ndidaomba nawo m'manja. Koma akulu adanena kuti walira mvula walira matope, ndipo matope a mvula imeneyi ndiwo anthu, amalonda, ophunzira, ofuna ganyu, akwati atsopano, onse ofuna denga, amene sadzayembekeza kuti wina atsirize msonkhano asanayambe kuumba njerwa.

Tsono ndikamva anzanga pabawo akunena kuti khonsolo itimangire nyumba, ndimangoseka chamumtima, pakuti ife a ku Niassa tidaonapo malonjezo aakulu kuposa amenewo. Ndani mwa achikulire amene waiwala za Unango, kumene m'masiku a Samora Machel kudanenedwa kuti kudzamera mzinda watsopano, chitsanzo cha dziko lonse? Ndani waiwala chaka cha 1983, pamene ndege zinkatula kuno anthu osesedwa m'misewu ya Maputo ndi Beira pa Operação Produção, kuti adzalime ndi kumanga, ambiri a iwo asanagwirepo khasu chibadwire, ndipo alibe ndi bulangete lomwe lofunda m'chisanu chathu cha Juni? Lero ku Unango kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Lúrio, ndipo tiyamika. Koma mzinda uja sudaoneke. Ngakhale tsiku lotchuka la 3 Febuluwale 1976, pamene boma lidatenga nyumba zonse zalendi nkuziika m'manja mwa bungwe la APIE, lidangosintha eni nyumba, silidaonjeze chipinda ndi chimodzi chomwe; ndipo nyumba zimene thumba la boma la Fundo para o Fomento de Habitação limanga, ngakhale zili zokongola, zifuna munthu wa malipiro a pamwezi amene banki imdziwa, osati mayi wogulitsa nyemba ndi mbatata ya kachewere pamsika.

Choonadi chimene tonse tichidziwa, ngakhale sitichinena pamisonkhano, nchakuti nyumba za mzinda uno, kupatula zowerengeka, zidamangidwa ndi eni ake, chipinda chimodzi chaka chino, malata chaka chamawa, simenti mwana akayamba ntchito. Ndipo m'menemo mulibe chamanyazi. Dothi lathu lofiira limaumba njerwa yabwino, matabwa a paini ali pafupi, amisiri ali m'banja lililonse. Chimene munthu payekha sangathe kudzichitira, ngakhale akhale wakhama chotani, ndicho kusiya malo a msewu, a ngalande, a sukulu, a chipatala, a msika ndi a manda, pakuti malo otere ndi a onse, ndipo chinthu cha onse chikasowa mbusa chimadyedwa phazi ndi phazi. Imeneyo ndiyo ntchito ya khonsolo, imene takhala tikuisankha ndi mavoti athu chiyambire 1998, ndipo ndi ntchito yotsika mtengo kuposa kumanga nyumba zana limodzi zoti nduna idzadule riboni.

Malamulo a ntchitoyi alipo, ndipo ndi okwana. Lamulo lalikulu la dziko likuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 likupatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene tonse tiutcha DUAT, ndipo livomereza ngakhale amene adalandira malo mwa mwambo wa makolo kapena wakhalapo mokhulupirika zaka khumi. Lamulo la 2007 la kakonzedwe ka malo lifuna kuti mzinda ukhale ndi pulani yaikulu yosonyeza kumene udzakulire, ndi mapulani aang'ono osonyeza poloti iliyonse ndi msewu uliwonse. Kunena kuti nthaka sigulitsidwa, paja, kumaseketsa aliyense amene adafunapo malo, pakuti kuno timagula mtengo wa mango, kapena maziko a nyumba imene sidzamangidwa, pa ndalama zimene mango a m'chigawo chonse sangazikwanitse, ndipo nthaka imangotsatira mtengowo mwaulemu. Koma imeneyo ndi nkhani ya sabata lina. Ndikumbukanso kuti pakati pa 2008 ndi 2013, ndi ndalama za ku America za Millennium Challenge, Lichinga ndi Cuamba idali m'gulu la mizinda imene anthu adayezeredwa malo awo napatsidwa zikalata. Idali ntchito yabwino, ndipo amasiye ambiri agona tulo chifukwa cha mapepala amenewo. Koma woyeza malo amene afika nyumba zitamangidwa kale amangolemba zimene wapeza, zokhota ndi zopanikizana zomwe, nazidinda chidindo cha boma.

Ena adzati msewu ungatsegulidwe pambuyo pake, ndipo adzatchula Maxaquene ku Maputo, kumene kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu adagwirizana, nasuntha nyumba zawo kuti misewu ndi mipope ya madzi ipite. Nzoona, koma nyumba zambiri za kumeneko zidali za bango ndi malata, zimene amuna angapo akadatha kuzizula m'mawa nkuzidzalanso madzulo. Yesani kuuza munthu amene wathira zaka khumi ndi thukuta lake m'nyumba ya njerwa ndi simenti kuti aisunthe mikono itatu! Kuwongola mtengo mpoyamba. Abale athu a ku Malawi ali nazo zitsanzo zonse ziwiri pamaso pawo: ku Area 25 mu Lilongwe, kumene mapoloti adayezedwa ndi misewu kulambulidwa anthu asanadze, munthu wosauka adamanga monga mwa mphamvu zake, ndipo lero ambulansi imafika pakhomo; koma m'kati mwa Ndirande ndi Mtandire, kumene anthu adatsogola ndipo chingwe chidatsalira, wodwala amayamba wanyamulidwa pamsana.

Chimene chivuta, ndiyesa, nchakuti atsogoleri a mzinda amasankhidwa zaka zisanu zilizonse, pomwe mwala wa malire wokhomedwa kuthengo lero udzayamikiridwa patapita zaka makumi awiri, ndi anthu amene sadzadziwa ndi dzina lomwe la woukhoma. Ndipo ndi ochepa pakati pa ana a anthu amene ali ndi mtima wa Yosefe, wosunga tirigu nkhokwe zidakali zodzala. Komabe pempho langa kwa akuluakulu athu, amene ndiwalemekeza, ndi losavuta. Atuluke kunja kwa mzinda, kunjira ya ku Metangula, ya ku Marrupa ndi ya ku Mandimba, kumene lero kudakali minda. Akhale pansi ndi mafumu ndi eni mindayo, awalipire mokwanira ndi poyera, pakuti mlimi wolandidwa mwachinyengo adzagulitsa usiku zimene adaletsedwa usana. Akhome miyala, alambule misewu ngakhale ya fumbi, asiye zigwa ndi madambo kuti madzi a mvula apeze njira yawo. Awerengere pamodzi ndi oyang'anira madzi ngati damu la Locumue lingamwetse khamu likudzalo, pakuti poloti yopanda madzi ndi chilango. Ndipo mapu a zonsezi apachikidwe pakhoma la ofesi ya dera lililonse, m'Chiyao ndi m'Chinyanja momwe, kuti mayi wosadziwa Chipwitikizi aloze ndi chala chake pamene padzakhale sukulu, ndipo akaona wina akukumba maziko pamenepo akuwe.

Ndipo inu owerenga anga, a ku Chiuaula, a ku Namacula, a ku Massenger ndi a kuno ku Sanjala, akadzabweranso ofuna mavoti ndi zitenje zawo ndi nyimbo zawo, alandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, muwapatse mpando. Koma asanayambe kulonjeza nyumba, muwapemphe akutengeni kumene ana anu adzamange, akakusonyezeni miyala imene akhoma kale.