Safunsa Adadya Phula

Mwezi watha, titatuluka m'mapemphero a m'maŵa, bambo wina wa mumpingo mwathu adandikokera pambali nkhope ili yakugwa. Mwana wao wamkazi, amene akuchita maphunziro a digiri yachiŵiri, adabwera kumudzi patchuthi atanyamula mapepala ofiira ndi inki. "Achimwene, tandiuzani," adatero bamboyo, "mwana uyu sadalepherepo mayeso chiyambire Sitandade 1. Nanga lero mphunzitsi mmodzi akumbwezera ntchito kachinayi chifukwa ninji? Kodi imeneyi si nsanje?"

Ndidapempha kuti ndione mapepalawo. Mtsikanayo akufufuza za njala ya mu 1949, ndipo adayenda m'midzi ingapo kufunsa nkhalamba zimene zidali ana panthaŵiyo. M'mphepete mwa tsamba lililonse mphunzitsi wake adalembamo timafunso: Adakuuza zimenezi ndani? Adaona yekha, kapena adamva kwa amake? Udamfunsa tsiku liti, ndipo padali yani pamene ankayankha? Pamalo pena adangolemba kuti, Apa walemba zimene iwe ukufuna kuti zikhale zoona. Nditaŵerenga ndidawauza bamboŵa kuti akagone tulo, pakuti mwana wao wapeza mlangizi. Munthu wansanje sangachezere usiku kuŵerenga masamba 60 a mwana wa mnzake mzere ndi mzere.

Makolo anzanga, nkhaŵa ya bamboŵa ndi ya ambiri a ife, ndipo gwero lake ndi lakuti sitidazindikire kusiyana kwa sukulu imene tikuidziŵa ndi ntchito ya kafukufuku. Kuyambira ku pulaimale kufikira digiri yoyamba, mwana amafunsidwa mafunso amene mayankho ake alipo kale. Mphunzitsi amawadziŵa, ndipo ali m'buku. Tsono akafika pa kafukufuku, amapatsidwa funso limene ngakhale mphunzitsi wakeyo sadziŵa yankho lake. Ayenera kulifunafuna yekha, kumunda, m'chipatala, m'makalata akale kapena pakamwa pa anthu, ndiponso kusonyeza njira imene adadzera kuti wina aliyense akafuna aitsate naone ngati akafika pomwepo. Luso lotere silimatheka ndi kuloŵeza pamtima. Limafanana ndi kusula makasu kapena kuumba mbiya: munthu amaliphunzira atakhala pambali pa mmisiri, nalakwitsa, naonongetsa dothi, kufikira manja atazoloŵera. Ife a mpingo sitiyenera kudabwa nazo zimenezi, popeza tili ndi alangizi athu amene timawapatsa ana akatha msinkhu. Timadziŵa kuti pali nzeru zina zofunika munthu wamkulu woti akhale nawe pansi.

Chinthu choyamba chimene mlangizi wabwino amachita ndicho kuchepetsa funso. Wachinyamata amadza ndi mtima waukulu, kufuna kulemba za njala ya dziko lonse la Malaŵi, kapena za umphaŵi wa mu Afrika, m'miyezi khumi ndi iŵiri. Wamkulu amamfunsa mofatsa kuti, Midzi iti? Anthu ati? Chaka chiti? Mwanayo amaona ngati akumchepsa, koma munda waung'ono wolimidwa bwino umaposa dambo lonse longokandakanda. Pambuyo pake amamtsegula maso kuti aone umboni pamene ena adadutsapo osauona. Mayi Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo mbiri ku Chancellor College, polemba buku lao la 1987 lonena za njala yomweyi ya 1949 adamvetsera nyimbo zimene amayi amaimba pamtondo, ndipo m'nyimbomo adapezamo zambiri za mavuto a m'mabanja zimene malipoti a boma la atsamunda sadalembe. Ndani mwa ife akadaganiza kuti nyimbo ya pamtondo ingakhale umboni wa mbiri? Wophunzira amazindikira zotere akakhala pafupi ndi munthu amene adayendapo kale.

Palinso mwambo wa kafunsidwe, ndipo pano ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amapunthwa. Wofufuza sangofika m'mudzi ndi lamya yake ya m'manja nayamba kujambula mau. Amayamba wakaonekera kwa mfumu. Amafotokoza kwa munthu aliyense chimene akufuna ndi kumene mauwo adzapita, napempha chilolezo, ndipo wokana amasiyidwa mwaulemu. Akakhala pamphasa amaphunzira kudekha, pakuti agogo sayankha funso monga momwe lidalembedwera papepala; amayamba ndi za mvula, za maliro a chaka chatha, ndipo chimene wabwerera chimatuluka dzuŵa litapendeka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amaphunziranso kusaika mau m'kamwa mwa munthu. Ukafunsa kuti, "Agogo, si zoona kuti boma lidakutayani?" agogo aulemu adzavomera kuti mlendo asachite manyazi, ndipo iwe udzapita kwanu utanyamula maganizo ako omwe. Madzulo omwewo, asanagone, amalemba dzina la mudzi, tsiku, msinkhu wa woyankha, ndi kusiyanitsa zimene munthuyo adaona ndi maso ake ndi zimene adangomva, chifukwa kandimverere adakanena za m'maluŵa. Ndipo nkhani yaikulu saikhazika pa mboni imodzi. Lamulo limeneli si lachilendo kwa ife oŵerenga Deuteronomo 19:15.

Ndithudi, Mau a Mulungu sadana ndi kufufuza. Onani chiyambi cha Uthenga Wabwino wa Luka. Mlembiyo akuuza Teofilo kuti adalondola zinthu zonse mosamala kuyambira pachiyambi, kuti adadalira anthu amene adaona ndi maso, ndi kuti adazilemba mwadongosolo kuti woŵerenga akhale wotsimikiza. Mphunzitsi wa mtsikana uja sadapemphe china choposa chimenechi. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda koposa chili pa Machitidwe 18. Apolo adali munthu wophunzira, wa ku Alesandriya, wodziŵa kulankhula, koma chidziŵitso chake chidali chopereŵera. Priskila ndi Akula atamumva m'sunagoge sadamchititse manyazi pagulu. Adamtengera pambali namfotokozera bwino lomwe. Iye naye, ngakhale adali wotchuka, adalola kuphunzitsidwa ndi anthu osoka mahema. Mbali zonse ziŵiri nzovuta, ndipo sindidziŵa kuti yovuta koposa ndi iti.

Kwathu kuno tili nacho chitsanzo cha munthu amene ntchito yake idakula chifukwa cha manja a ena. Samuel Josiah Ntara adali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo lidapambana mphotho mu 1933 pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi miyambo ya mu Afrika, ndipo m'busa wa ku Livingstonia, T. Cullen Young, adalimasulira m'Chingerezi nilituluka mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Pambuyo pake a Ntara adasonkhanitsa zokamba za akuluakulu nalemba Mbiri ya Acheŵa, imene idasindikizidwa m'zaka za m'ma 1940. Mu 1973 bukuli lidatuluka m'Chingerezi, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndipo katswiri wa mbiri Harry Langworthy adaikamo ndemanga zake. Taonani anthu amene adazungulira mphunzitsi mmodziyu: nkhalamba zimene zidamuuza, osindikiza, omasulira, ndi wina wopenda zimene adalemba. Ndemanga za katswiri sizidachepetse ulemu wa a Ntara. Zidachititsa kuti ophunzira a maiko ena alitenge bukulo ngati chinthu chofunika kuchiŵerenga mosamala. Nkhalamba zija zidapita kale, ndipo mau ao tikadali nao chifukwa mphunzitsi wina adafunsa nalemba.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za mbiri yakale, zosadyetsa munthu. Tiyeni tsono tipite kuchipatala. Mu 1989 madokotala anayi ogwira ntchito ku Blantyre, a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor, a Jack Wirima ndi a Borgstein, adafalitsa zimene adapeza poyang'anira ana 131 okomoka ndi malungo a mu ubongo. Vuto lidali lakuti mwana wamng'ono, wosadziŵa kulankhula, sungamfunse dzina lake kuti udziŵe kukomoka kwake kwafika pati. Iwo adakonza muyeso wapafupi, woyambira pa 0 kufikira pa 5, woona zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsata chinthu, mmene akulirira, ndi mmene akusunthira akamva kuŵaŵa. Muyesowu umatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre, ndipo umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Padalibe makina odabwitsa pamenepa. Padali anthu oima pambali pa bedi, oona mwana aliyense mofanana, olemba zimene aona ngakhale zitasemphana ndi zimene ankayembekeza. Sukulu yophunzitsa madokotala itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, achinyamata athu adapeza akuluakulu otere oti aime nao pambali pa bedi, ndipo khalidwe limenelo ndi limene wamkulu amapatsira wamng'ono.

Komabe ndikadakhala wosakhulupirika ndikadanena kuti aphunzitsi onse ali ngati uja wa inki yofiira. Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. Lero mayunivesite achuluka, ndipo ngakhale masinodi athu a Livingstonia, Nkhoma ndi Blantyre ali ndi ao. Ophunzira achuluka kuposa alangizi, ndipo ena mwa alangizi atopa. Koma kutopa sikungakhale chodzikanira pa zonse. Ndikudziŵa mnyamata wina amene ntchito yake idagona m'kabati ya mphunzitsi miyezi isanu ndi iŵiri, iye akulipira lendi m'tauni ndi ndalama za fodya wa atate ake. Pomaliza idabwerako ndi mau aŵiri okha, akuti alembenso. Alipo ena amene amatenga thukuta la wophunzira nalifalitsa ndi dzina lao lokha, ngati kuti lamulo lachisanu ndi chitatu silifika pa mapepala. Ndipo alipo, ndinene ndi chisoni, amene amafuna kwa ana athu aakazi malipiro osayenera kutchulidwa pa tsamba lino. Ena mwa anthu otere amakhala nafe pa mgonero. Inu amene Mulungu adakukwezani pa maphunziro, kumbukirani kuti mwana amene waima pakhomo pa ofesi yanu sangakudzudzuleni, chifukwa tsogolo lake lili m'cholembera chanu. Mpatseni tsiku, ndipo tsikulo mulisunge. Mukamdzudzula muuzeni cholakwa ndi njira yokonzera. Mtengeni kumisonkhano ya akatswiri, mumdziŵitse kwa anzanu, mumuonetse kalembedwe ka kalata yopempha thandizo la ndalama, ndipo ntchito ikakhala yake dzina lake litsogole. Mtsikana amene wakumana ndi zonyansa zija asaope kuuza makolo ake ndi akuluakulu a sukulu, ndipo ife makolo tisamuuze kuti angopirira.

Inunso achinyamata muli ndi mbali yanu. Ambiri a inu mumaopa kufunsa kuti mungaoneke opusa, ndipo mumabisala mwezi wathunthu osaonekera kwa mlangizi chifukwa simudalembe kanthu. Pitani ndi chochepa chomwecho, ndipo pitani ndi mafunso olembedwa. Yesero lalikulu la masiku ano ndi lakuti pa intaneti pali zolemba za anthu ena zosaŵerengeka, ndiponso pali makompyuta okhoza kukulemberani ndime zosalala m'kanthaŵi kochepa, nthaŵi zina ndi maina a mabuku amene kulibe. Kutenga mau a wina osamtchula ndi kuba, ndipo kulemba kuti udafunsa anthu 40 pamene udafunsa 12 ndi umboni wonama. Zoterezi sizithera pa digiri. Chiŵerengero chabodza cha wophunzira za ulimi chingasanduke uphungu wopita kwa mlimi, ndipo cha wophunzira za mankhwala chingafike pa bedi la mwana. Kulemba kuti "ndidafuna koma sindidapeze" si manyazi. Mlangizi woona adzakulemekezani chifukwa cha mau amenewo.

Tsono makolo tingathandize bwanji, ife amene ambiri sitidafikeko kumeneko? Tileke kufunsa mwana tsiku ndi tsiku kuti umaliza liti ndipo ntchito uyamba liti. Akabwera patchuthi timpatse malo ndi nyali. Timfunse kuti atifotokozere m'Chicheŵa chimene akufufuza. Ngati sangathe kuchimveketsa kwa amake, ndiye kuti iye mwini sadachimvetse, ndipo mwamthandiza kuposa mmene mukuganizira. Mipingo yathu nayo ili ndi chuma chogona: mabuku a ubatizo ndi a maukwati amene chiswe chikudya m'makabati, ndiponso akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano okalamba amene akukumbukira mmene tchalitchi choyamba chidamangidwira. Mphunzitsi wopuma pantchito atatenga achinyamata atatu kapena anayi, nawaphunzitsa kufunsa ndi kulemba tsiku ndi dzina, mpingo ungakhale ndi mbiri yake chaka chisanathe, ndipo anawo angakafike ku yunivesite manja atazoloŵera kale.

Mtsikana uja adabwerera kwa agogo aŵiri kukafunsanso. Mmodzi adavomera kuti nkhani ina imene adamuuza poyamba adaimva kwa amalume ake, iye sadaione. Winayo adampeza akudwala kwambiri, ndipo adangotha kulankhula naye kanthaŵi kochepa. Ndime itatu yaichotsa, ina yailembanso, ndipo mapepala abwerera kwa mphunzitsi kachisanu. Atate ake ndiwo adampatsa ndalama ya basi.