Kulembetsa Kawailesi ka Ngozi m'Ndeke Si Kutaya Nthawi

Ife a kumidzi timangoona ndeke zing'onozing'ono zikudutsa pamwamba, zina zopita ku Mfuwe ndi alendo odzaona nyama, zina za Flying Doctor Service. Koma ndeke ikagwa, kawirikawiri imagwera m'thengo pafupi ndi minda yathu, ndipo oyamba kupemphedwa kukaifunafuna ndife. Ndico cifukwa cake nkhani ya mapepala a ndeke itikhudza tonse.

M'ndeke mumakhala kawailesi kochedwa ELT. Ndeke ikamenyetseka pansi, kawailesika kamadziyatsa kokha ndi kutumiza mfuu yake pa 406 MHz ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, nchito imene anaiyamba maiko a Canada, France, America ndi Soviet Union. Anthu oyamba kupulumutsidwa mwa njira imeneyi anali a ndeke imene inagwa ku Canada mu 1982. Kuyambira pa 1 February 2009 masetilaitiwa analeka kumvetsera tumawailesi twakale twa 121.5 MHz.

Kawailesi kalikonse kali ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 15. Koma nambalayo payokha siuza opulumutsa kuti aimbire yani lamya. Mwini ndeke ayenera kukalembetsa, kulemba dzina lace, cizindikiro ca ndeke (za m'Zambia zimayamba ndi 9J), mtundu wace, ndi manambala a anthu opezeka usana ndi usiku. Bungwe la ICAO lifuna kuti dziko lililonse lisunge kaundula wotere, ndipo kuno kwathu woyang'anira za ndeke ndi Zambia Civil Aviation Authority.

Ena amadandaula kuti mapepala acuruka. Koma taganizani. Mfuu zambiri zofika kwa opulumutsa si za ngozi yeniyeni. Kawailesi kamangoyaka mwangozi ndeke ili pabwalo kapena ikukonzedwa. Ngati kanalembetsedwa, lamya imodzi itha nkhani yonse. Ngati sikanalembetsedwe, kapena ndeke inagulitsidwa koma m'kaundula mukadali dzina la mwini wakale, opulumutsa amataya maola akufunsafunsa, kapena amaononga mafuta a boma kufuna ndeke imene siinagwe.

Mtengo wa kucedwa tiudziwa. Pa 18 September 1961 ndeke ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, inagwa usiku pafupi ndi Ndola. Masiku amenewo kunalibe masetilaiti otere, ndipo a boma anafika pamalopo patapita maola pafupifupi 15. Anapeza Harold Julien akali moyo, atapsa ndi moto, koma anamwalira patapita masiku owerengeka.

Kwa anansi athu ku Malawi, pa 10 June 2024, ndeke yonyamula waciwiri kwa Prezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Inapezeka mawa lace. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti batire la kawailesi kace linatha nthawi mu 2004. Sitinena kuti batire latsopano likadapulumutsa miyoyo imeneyo. Tsiku lakutha kwa batire limalembedwa pa cipangizo ndi m'mabuku a ndeke kuti wina aliwerenge ndi kucitapo kanthu.

Motero tipempha eni ndeke kuti alembetse tumawailesi twao, akonze kaundula nambala ya lamya ikasintha kapena ndeke ikagulitsidwa, ndipo asinthe batire pa nthawi yace. A boma nawonso afewetse njira: fomu ikhale yaifupi, yankho lisacedwe, ndipo woyendera ndeke asasaine cimene sanacione ndi maso. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Pepala lolembedwa bwino lero ndilo lidzauza opulumutsa dzina la wolira m'thengo ndi kumene angampeze dzuwa lisanalowe.