Prado yatsopano m'misewu ya m'chigawo: mafunso oyenera kufunsa musadagule

JOHANNESBURG – Kuchokera ku Lusaka mpaka ku Maputo, munthu akamva dzina loti Prado amaganiza za nduna, mlembi wamkulu wa unduna, bwana wa bungwe lothandiza anthu kapena wamalonda yemwe zinthu zamuyendera. Kwa zaka zambiri galimotoyi yakhala ikudziwika ndi zinthu ziwiri, ulemu womwe imapereka kwa mwini wake ndi kulimba kwake m'misewu yoipa. Pachifukwa ichi, kusintha kulikonse komwe kampani ya Toyota ipanga pa galimotoyi kumakhudza anthu ambiri kuposa omwe angathe kuigula, chifukwa ambiri mwa magalimotowa m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa amagulidwa ndi ndalama za misonkho kapena za mabungwe.

Prado ya mtundu watsopano, yomwe ku Japan ikutchedwa Land Cruiser 250, idaonetsedwa koyamba mu Ogasiti 2023 ndipo idayamba kugulitsidwa ku Japan ndi ku South Africa mu 2024. Idalowa m'malo mwa Prado 150, yomwe idakhala pamsika kuyambira mu 2009. Poionetsa, Toyota idati magalimoto a mtundu wa Land Cruiser, omwe mbiri yake idayamba mu 1951, adali atagulidwa okwana pafupifupi 11.3 miliyoni m'mayiko oposa 170.

Ku South Africa mtengo wake udayambira pafupifupi R1.3 miliyoni. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo m'dzikolo, omwe mu 2024 adali R27.58 pa ola, angagwire ntchito zaka 20, maola 45 sabata iliyonse, osadyapo ngakhale senti imodzi, kuti apeze ndalamayi. Pamtengo wotere, wogula ali ndi ufulu wofunsa mafunso ambiri, ndipo ofunika kwambiri mwa mafunsowo sapezeka m'timabuku totsatsa malonda.

Zomwe zasintha

Prado yatsopano yakhazikika pa chimango chotchedwa GA-F, chomwe chilinso pansi pa Land Cruiser 300 ya mu 2021 komanso Lexus LX ndi Lexus GX. Malinga ndi Toyota, chimangochi n'cholimba ndi 50 peresenti kuposa chakale. Galimotoyi ndi yaitali mamilimita 4,925, ndipo mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 2,850, chimodzimodzi ndi Land Cruiser 300. Imapangidwa ku Japan, m'mafakitale a ku Tahara ndi ku Hamura.

Injini yomwe idafika ku South Africa ndi ya dizilo ya malita 2.8, yodziwika kale kwa aliyense amene adayendetsapo Hilux kapena Fortuner. Imatulutsa mphamvu yokwana makilowati 150, koma tsopano ili ndi magiya asanu ndi atatu osintha okha m'malo mwa asanu ndi limodzi. M'misika ina muli injini za petulo za malita 2.4 ndi 2.7, ndipo ku United States galimotoyi imagulitsidwa ngati hybrid, kutanthauza kuti injini ya petulo imathandizana ndi mota yamagetsi.

Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Land Cruiser, chiwongolero chikupepuka ndi mphamvu yamagetsi osati ya mafuta opopedwa. Izi zimachepetsa kugwedezeka kwa manja pamsewu wa mabampu, komanso zimalola kompyuta kuthandiza dalaivala kuti asatuluke mumzere wake. Pa mitundu yokwera mtengo pali batani lomasula chitsulo chomwe chimagwirizanitsa matayala awiri akutsogolo, kuti tayala lililonse lizitha kutsika ndi kukwera palokha podutsa m'miyala kapena m'zigwembe. Palinso makamera oonetsa pansi pomwe matayala akuponda, ndi radar yomwe imagwira mabuleki yokha ikaona ngozi kutsogolo. Galimotoyi ingathe kuwoloka madzi akuya mamilimita 700.

Zonsezi n'zabwino, ndipo zina zingapulumutse moyo. Koma chilichonse mwa izo chimadalira mawaya, masensa ndi makompyuta, ndipo apa m'pamene mafunso a m'chigawo chino akuyambira. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Funso loyamba: dizilo wake ndi wotani?

Injini za dizilo zamakono zimapopa mafuta ndi mphamvu yaikulu kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, kotero sizipirira dizilo wa madzi, wa fumbi kapena wosakanizidwa ndi palafini. M'mayiko momwe malamulo a utsi ndi okhwima, injini ya malita 2.8 imabwera ndi sefa yogwira mwaye mu paipi ya utsi, yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo galimoto ikamathamanga mtunda wautali, koma imatsekeka msanga ngati dizilo ali ndi sulufule wambiri kapena ngati galimoto imangoyenda timaulendo tatifupi ta m'tauni.

Nkhaniyi si yongoganizira. Mu 2022 khoti lalikulu la boma la Australia lidagamula kuti magalimoto a Hilux, Fortuner ndi Prado oposa 260,000 omwe adagulitsidwa m'dzikolo pakati pa 2015 ndi 2020 adali ndi vuto pa sefa imeneyi. Mlanduwo udakhudza magalimoto akale, koma udaonetsa kuti sefayi ikavuta, mwini galimoto amaluza ndalama zambiri.

Mayiko a m'chigawo achitapo kanthu pa ubwino wa mafuta. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe adasinthira ku dizilo wa sulufule wosapitirira 50 ppm mu 2017. Ku Zambia, fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola itasiya kuyenga, paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam idayamba kunyamula dizilo wa sulufule wochepa mu 2023. South Africa idaika chaka cha 2027 kuti ifike pa 10 ppm, mulingo womwe Japan ndi mayiko a ku Ulaya adafikapo kalekale. Komabe lamulo limalamulira mafuta a pa filing'i siteshoni okha. Mafuta akasowa, monga zidachitikira kangapo ku Malawi kuyambira mu 2022, madalaivala amagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, yemwe palibe amene adamuyeza.

Funso lachiwiri: ifika kutali bwanji?

Prado yakale yogulitsidwa ku South Africa idali ndi mathanki awiri olowa malita 150, chifukwa tayala lapadera linkapachikidwa pa chitseko chakumbuyo ndipo pansi pankatsala malo. Pa yatsopano tayalalo lalowa pansi, chitseko chikutsegukira m'mwamba, ndipo mafuta olowa ndi malita 110. Ngati galimoto yodzaza katundu ikumwa malita 10 pa makilomita 100 aliwonse, ndiye kuti mtunda womwe ingayende isadamwenso watsika kuchoka pa makilomita 1,500 kufika pa 1,100. Kwa munthu wa ku Sandton kusiyanaku n'kochepa. Kwa ogwira ntchito zaumoyo m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kapena kumadzulo kwa Zambia, makilomita 400 amenewo ndi omwe amasiyanitsa kubwerera kunyumba ndi kugona panjira. Tayala lokhala pansi nalonso limavuta kutulutsa galimoto ikatitimira m'matope.

Funso lachitatu: adzaikonza ndani?

Mbiri yabwino ya Land Cruiser mu Africa idakula chifukwa makaniko wa pa boma lililonse ankatha kuikonza ndi masipanala ochepa. Galimoto yatsopanoyi imafuna kompyuta yoyezera kuti vuto lidziwike. Ngakhale galasi lakutsogolo likasweka ndi mwala, kuika lina sikukwanira, chifukwa kamera yomwe ili kuseri kwa galasilo iyenera kuchunidwanso ndi zida zapadera, apo ayi idzayeza molakwika mtunda wa galimoto ya kutsogolo. Bampala ikagunda mbuzi, radar ndi masensa omwe ali mkati mwake angadye ndalama zambiri kuposa bampalayo.

M'mayiko ambiri a m'chigawo, magalimoto atsopano a Toyota amagulitsidwa ndi kampani ya CFAO, yomwe mwini wake ndi Toyota Tsusho. Magalaja a makampani otere ali m'mizinda ikuluikulu, pomwe ntchito yeniyeni ya galimoto yotere ili kumidzi. Wogula ayenera kudziwa mtunda wochokera komwe galimoto izigwira ntchito kukafika ku galaja yomwe ili ndi kompyuta yoyenera, komanso masiku omwe chipangizo chimatenga kuti chifike chikaitanitsidwa. N'zosadabwitsa kuti Toyota ikupangabe Land Cruiser 70, yomwe idayamba mu 1984, ndipo migodi, alimi ndi mabungwe othandiza pa ngozi akuigulabe chifukwa cha kusavuta kwake.

Funso lachinayi: yachokera kuti?

Anthu ambiri ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe sagula galimoto kwa ogulitsa ovomerezeka. Amaitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera m'madoko a Dar es Salaam, Durban, Beira kapena Walvis Bay, popeza mayikowa, monga Japan, amayendetsa kumanzere kwa msewu. Prado yatsopano idzafika kwa ambiri kudzera m'njira imeneyi.

Koma magalimoto awiri ofanana maonekedwe akhoza kusiyana mkati. Ya dizilo yopangidwira msika wa ku Japan imafuna madzi apadera otchedwa AdBlue, omwe amathiridwa mu thanki yakeyake kuti achepetse poizoni wa mu utsi. Madziwa akatheratu, kompyuta siilola injini kulizidwanso mpaka athiridwe ena. Ya ku Australia ilinso ndi batire ya mavoti 48 yothandiza injini, ndipo kumeneko ogula adadandaula kuti pansi pa buti pakwera kwambiri moti malo a katundu achepa. Galimoto yolowa m'dziko mwa njira imeneyi kawirikawiri sikhala ndi chitsimikizo cha kampani choikonza ulere ikawonongeka. Pamwamba pa izi pali msonkho wa pa chipata, womwe m'mayiko angapo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Zimbabwe idaletsa mu 2021 kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10, ndipo South Africa salola malonda a magalimoto akale ochokera kunja.

Palinso nkhani ya akuba. Magalimoto akuluakulu a Toyota ali m'gulu la omwe amabedwa kwambiri ku South Africa, ndipo ena amawolotsedwa malire kupita ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Makampani a inshuwalansi kumeneko amafuna kuti galimoto yotere iikidwe chida choilondolera. Wogula Prado yotsika mtengo modabwitsa kuchokera kutsidya kwa malire ayenera kuona chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa, chifukwa ikapezeka kuti ndi yakuba amalandidwa, ndalama zake n'kupita.

Funso lachisanu: ndalama zake n'zayani?

Galimoto, matayala, masefa ndi mafuta ake zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi idachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tsiku limenelo mtengo wa chipangizo chilichonse cha galimoto udakwera ngakhale galimotoyo idali chiimire pa khonde. Zambia idalephera kubweza ngongole zake zakunja mu 2020, ndipo Zimbabwe idayambitsa ndalama yatsopano ya ZiG mu 2024 itatopa ndi kugwa kwa yakale. M'mayiko otere, dola yomwe yagulira galimoto ya bwana ndi dola yomwe sidagule mankhwala, feteleza kapena dizilo wa ambulansi.

Atsogoleri akudziwa kuti anthu amaona zimenezi. Mu 2012 Joyce Banda, atangokhala pulezidenti wa Malawi, adalengeza kuti agulitsa ndege ya pulezidenti ndi magalimoto 60 a Mercedes-Benz a boma. Mu 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema wa ku Zambia adalamula kuti magalimoto odula a Land Cruiser VX omwe adagulidwira akuluakulu a boma agulitsidwe. Chaka chomwecho Lazarus Chakwera, yemwe adali pulezidenti wa Malawi panthawiyo, adadula ndi theka mafuta omwe nduna ndi akuluakulu a boma ankalandira. Prado ndi yotsikirapo mtengo poyerekeza ndi Land Cruiser 300, kotero pali chiopsezo choti maofesi aziigula n'kumanena kuti apulumutsa ndalama, pomwe ntchito yomweyo ikadagwirika ndi Hilux kapena Fortuner, zomwe zimapangidwa ku Durban ndipo zili ndi injini ya mtundu womwewo.

Palibe chifukwa chokayikira kuti Prado yatsopano ndi galimoto yamphamvu, yofewa kuyendetsa ndiponso yoteteza okwera kuposa yakale. Kwa munthu wogula ndi ndalama zake, wokhala pafupi ndi galaja yovomerezeka komanso womwetsa mafuta pa malo odalirika, ingamutumikire zaka zambiri. Koma komiti yogula katundu wa boma kapena wa bungwe iyenera kuwerengera mtengo wa zaka zisanu kapena khumi, kuphatikizapo matayala, inshuwalansi, zipangizo ndi masiku omwe galimoto idzakhale pa galaja kudikira sensa yochokera kunja. M'mabwalo a maofesi ambiri a boma m'chigawo chino muli kale magalimoto okhala pa miyala, omwe adagulidwa ndi chisangalalo koma bajeti yowakonzera idaiwalika. Mayankho a mafunso asanuwa ndi omwe adzaonetse ngati Prado yatsopano idzakhale pamsewu nthawi ya dzinja kapena idzawonjezere chiwerengero cha magalimoto amenewo.