Mjigo ndi wa Tonse, Nanga Wokonza Ndani?

Yense amene anatungapo madzi pa mjigo ku Migowi kapena ku Chiringa anagwira ndi manja ake fanizo la nkhani tifuna kusanthula pano. Pakuti pampu ya Afridev, imene chiyambi chake chinali m'dziko lathu lino m'zaka za m'ma 1980, mapangidwe ake sali chinsinsi cha kampani imodzi, kotero kuti fakitale iliyonse ikhoza kuipanga, ndipo mmisiri wa m'mudzi, ali ndi sipanala yake, akhoza kuzula zitsulo ndi kusintha labala yotha. Momwemonso ali mapulogalamu a kompyuta otchedwa open source: malembo ake onse ali poyera, ndipo wofuna awerenga, asintha, nagawira mnzake popanda kulipira laisensi.

Zimenezi sizili kutali ndi Phalombe ayi. Ziwerengero zimene zipatala za m'boma lino zitumiza mwezi ndi mwezi zilowa mu DHIS2, pulogalamu ya mtundu womwewu yochokera ku University of Oslo. Ndipo alipo ena osaoneka ndi maso a anthu wamba, monga OpenSSH, imene ilola katswiri wokhala ku Blantyre kukonza seva ya kuno osakwera minibasi, ndi rsync, imene ikopera mafayilo ku makina ena usiku anthu ali m'tulo.

Oyamikira zida izi ayamba ndi ndalama, ndipo sanama. Pakuti laisensi igulidwa ndi madola, amene asowa ngati madzi m'chilimwe, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ngongole iliyonse yakunja inalemera tsiku limodzi. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta akale ambiri, onga aja sukulu zathu zilandira kwa akufuna kwabwino, sangathe kunyamula Windows 11, pamene Linux, imenenso ili ya open source, iyenda pa iwo bwino lomwe. Awonjezanso za ufulu: pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo mu February 2024 kuti akathyali alanda makina osindikizira ziphaso zoyendera nafuna dipo, mtundu wonse unaona kuwawa kwake kwa kukhala mlendo m'nyumba yako yomwe, wosadziwa pamene pali mfungulo.

Komatu akulu anati walira mvula walira matope. Mu March 2024 kunapezeka kuti munthu wina, atadzionetsa wokhulupirika kwa zaka ziwiri pothandiza mwini wa kapulogalamu kotchedwa xz, yemwe anali kugwira ntchitoyo yekha ndi mwaulere kufikira atatopa, anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'maseva a Linux. Ndipo chinaulula chiwembucho ndi chakuti katswiri wina, Andres Freund, anadabwa poona makina ake akuchedwa ndi theka la sekondi, nayamba kufufuza. Mbali zonse ziwiri, otsutsa ndi oyamikira zida izi, zitenga nkhaniyi ngati umboni wawo: awa ati taonani, mbala inalowa chifukwa chitseko chinali cha aliyense, awo ati inagwidwa msanga chifukwa nyumba inali yowala. Kudandaula kwina ndi kwakuti chaulere chikafa palibe kampani yoiimbira lamya, ndipo mnyamata wodziwa Linux sakhalitsa ku boma lakumudzi, popeza tauni imkopa ndi malipiro. Ndiponso palibe pulogalamu, yogula kapena yaulere, imene ichiza mtima wa munthu, monga Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa, pamene ena a m'kati momwemo anafufuta m'makina a ndalama za boma otchedwa IFMIS umboni wa ndalama zimene anaba.

Tsono ife a kunsi kwa Michesi tili ndi mdani wina woposa akathyali, ndiye madzi ndi matope. Napolo wa mu March 1991 akumbukikabe, ndipo namondwe Freddy mu March 2023 anasakaza dera la Nkhulambe osasiya ndi chipatala chomwe. Kaundula wosungidwa pa kompyuta imodzi, ngakhale atetezedwe ndi mawu achinsinsi olimba chotani, apita pamodzi ndi chipupa. Koma wokoperedwa kwina tsiku ndi tsiku apulumuka, ndipo chida chochitira zimenezi sichifuna tambala.

Chigamulo chathu ndi ichi: zida zaulerezi tizilandire ndi manja awiri, koma tisadzinyenge kuti zidzisamala zokha. Mjigo wopanda komiti ndi thumba la ndalama zogulira zipangizo uuma chaka chisanathe, ndipo amayi abwerera kudambo. Inu a khonsolo, akulu a zipatala ndi aphunzitsi aakulu, ndalama imene mwapulumutsa pa laisensi muiike pa kuphunzitsa ndi kulipira munthu wosamala makinawo, ndipo akhale awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga.