Mmbulu ndi Matchona: Za Kumasulira Jack London m'Chicheŵa

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 anaika Chicheŵa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Komabe ku Sunningdale, monganso ku Mbare ndi ku Highfield, adzukulu ambiri a anthu amene anachoka ku Nyasaland akukula ndi Chishona pakamwa, ndipo Chicheŵa amachimva makamaka kwa agogo, pamaliro ndi pabwalo la gule wamkulu. Chilankhulo chosoŵa mabuku okopa achinyamata sichikhalitsa m'tauni. Maganizo athu ndi akuti limodzi mwa mabuku oyenera kuwamasulira ndi The Call of the Wild, limene Jack London anatulutsa mu 1903.

Ena adzati nkhani ya galu wa ku California ili kutali ndi moyo wathu. Ife tikuiona pafupi zedi. Buck anabedwa pakhomo pa Judge Miller ndi wantchito wa m'dimba, Manuel, amene anafuna ndalama zobwezera ngongole ya juga. Anagulitsidwa, anaphunzitsidwa kumvera ndi chibonga, nakakoka katundu wa anthu othamangira golide ku Klondike mu 1897. Kwawo sanabwererenso. M'chaka chomwecho cha 1903 munakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu a chibalo, limene Charles van Onselen analifotokoza m'buku lake, Chibaro, mu 1976. Amene sanabwerere kumudzi timawatchula matchona. Sitikuti womasulira afanizire makolo athu ndi galu, kutero nkutukwana. Aleke nkhani iyende yokha, woŵerenga wa ku Sunningdale adzamva zimene wa ku London sangamve.

Ntchito yeniyeni ili pa mawu. Choyendera pachisanu chimene agalu amakoka sichivuta, pakuti chileyi cha ng'ombe timachidziŵa. Madzi oundana ogwa kumwamba ndiwo amavuta: matalala amagwa ndi phokoso nasungunuka msanga, pamene Buck anaona agalu anzake akukumba dzenje m'menemo kuti agone mofunda. Apa "chipale chofeŵa" ndiye bwino, ngakhale nkotalika. Mutu wa buku nawonso ufuna kusamala. Wolemba "thengo" akumbukire chimene munthu amatanthauza akati akupita kuthengo. Ana asukulu adzaseka asanatsegule tsamba loyamba. "Chipululu" chimveka chouma ndi chotentha. Ife tikadasankha "tchire".

Pa chilombo chimene Buck anakakhala nacho pomaliza, omasulira Buku Lopatulika la 1922 anatitsogolera kale ndi mawu akuti "mmbulu". Akatswiri a zinyama adzatsutsa, ndipo ali ndi mfundo: mmbulu wathu, Lycaon pictus, si kholo la galu woŵeta ndipo sabereka naye, pamene nkhani yonse ya London yatsamira pa chibale cha magazi. Ngakhale zili tero, mmbulu umasaka pagulu, umaopedwa, ndipo dzinalo lakhazikika m'makutu mwa anthu kwa zaka zoposa 100. Kubwereka liwu la Chingerezi kungasandutse chilombocho chinthu cha m'buku lokha.

Chovuta chimene sitingachibise ndi a Yeehat, mtundu umene London anaupeka nauonetsa ngati akupha John Thornton mwankhanza. Womasulira asachotse ndimeyo, koma mawu oyamba a bukulo auze ana poyera kuti mtundu wotero kunalibe.